Mbalame za Zimbale Zayamba Kugwa

Lachitatu, pa 16 Okutobala

Achimwene,

Lolemba masana mbalame imodzi inagwa kusukulu ya mkaka kumene amapita mwana wanu Kamakani. Pepani, ndayamba ndi nkhani ndisanapereke moni. Muli bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Nanga bondo lija linaleka kuwawa? Ife kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Mbalame ndikunenayi si yamoyo. Paja ndinakuuzani kuti ndinapeza ntchito kwa mayi wina waluso amene amagula zimbale zakale za galamafoni, zakuda zija ankaliza abambo, n'kumapanga nazo zithunzi ndi zokongoletsa. Iwo amajambula ndi choko pachimbalepo, ine ndimadula ndi kasowo, kupala m'mbali, ndi kuboola pomangira waya.

Mwezi wathawu tinapanga mbalame zoposa zana zoti zizilendewera kudenga la chipinda cha ana kusukuluko. Abwanawo anagwirizana ndi eni sukulu kuti Kamakani aziphunzira pamenepo ulere. Tsiku limenelo mlamu wanu anavina m'nyumba.

Tsono mlandu wanga uli apa. Abwana anati bowo lililonse ndiboole ndi makina, ndisiye mpata wa chala chathunthu kuchokera m'mphepete. Makinawo ndinawagwetsa, anafa, ndipo ndinaopa kunena. Ndinatenga msomali n'kumauotcha pambaula, n'kumaboolera. Ntchito inathamanga, mpaka abwana ananditama kuti ndili ndi manja. Koma msomali wamoto umasungunula malo aakulu, ndipo msana wa mbalame ndi wochepa. Zambiri pamwamba pa bowo pangotsala kamnofu konga chikhadabo.

Chipindacho n'cha malata, chopanda siling'i. Inu mukudziwa zimene chimbale chimachita chikamva kutentha, chimafewa n'kupindika. Ndiye ndi dzuwa la masiku anoli, waya akudya kamnofu kaja pang'onopang'ono.

Yogwayo ndinaiona nditapita kukatenga mwana. Aphunzitsi anandipatsa akuseka, amvekere imeneyi yatopa kuuluka, ndikaigulire mapiko ena. Anandionetsa pamene inatera. Mlomo wake unalowa m'kamatiresi kamene ana amagonapo masana, unang'amba nsalu mpaka thonje kuonekera. Anati mwayi ana anali panja. Achimwene, milomo imeneyo ndinasongola ndekha. Nditayang'ana kumwamba, ndinaona zotsalazo. Zonse zija zikungozungulira mwakachetechete, milomo italoza pansi.

Dzulo ndi lero sindinamupititse Kamakani. Ndinanama kuti ali ndi chifuwa. Iye wangokhalira kulira kuti akufuna mbalame za adadi, poti amauza mwana aliyense kuti anazipanga ndi bambo ake. Mlamu wanu ataona kuti mwana sakutsokomola, anandipanikiza mpaka ndinaulula. Sanakalipe ayi. Anangondifunsa ngati amene agone pakamatiresi paja lero alibe amake.

M'mawa uno ndinathamangira kusukuluko kukapempha kuti ana agone pakhonde. Aphunzitsi anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anati pakhonde pali fumbi, ndipo mbalamezo ndisazikhudze popanda mawu a abwana anga. Ndinafuna kuwauza za msomali, koma ndinaopa. Ndinabwerera ngati galu wonyowa.

Abwana ali paulendo, afika madzulo ano. Si munthu woipa, koma pa ntchito saseka. Mnzanga wina anamuchotsa chifukwa chongosiya m'mbali mosapala. Nanga ine wopha makina, ndi bodza pamwamba? Ntchito ikatha, sukulu ya mwana yathanso, ndi pogona pomwe, pakuti chipinda tikukhalachi n'cha kuseri kwa shedi yawo.

Komabe ndaganiza. Ndabwereka makwerero kwa kalipentala woyandikana nafe. Akangotsika galimoto ndikawauza zonse, ndipo mawa ndikatsitsa mbalamezo ana asanafike, alole asalole.

Pempho langa ndi ili. Zikavuta, mundilandirire mlamu wanu ndi mwana kwa miyezi ingapo, ine ndizisaka ganyu kuno. Ndikudziwa kuti kwanunso n'kothina. Kamakani sadya zambiri, makani okha ndiwo ambiri, ndipo mlamu wanu amatha kusoka. Mundiyankhe msanga, ngakhale mawu awiri. Amayi musawauze kaye, mukudziwa za kuthamanga kwa magazi kuja.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse ndi kwa amayi. Mulungu akusungeni, ndipo nafenso mutikumbukire m'mapemphero. Pamene ndikulemba pano dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Wanga ali pano, akusewera pamapazi anga. Koma ino ndiyo nthawi imene ana a eni ake amawagoneka.

Ine mng'ono wanu,
Bambo a Kamakani