Apá, Ubaldo akuponya Lamlungu

Heriberto Buitimea Yocupicio, wowakha mpira wa timu ya Garbanceros

Apá, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Ndikulemba pafoni ndine Yaretzi, mwana wanu wamkazi. Amá akuti ndisachulutse, koma mukundidziwa.

Zaka 19 mukunyonyomala kumbuyo kwa womenya, kuwakhira timu ya besibo ya m'mudzi mwathu. Anthu ankati Garbanceros ili ndi kamphepo kake, adani ankaluza akungotsika basi, makamaka pa fayinolo. Ining'i yomaliza, gawo lotsiriza la masewero, mabesi onse odzaza ndi adani ofuna kugoletsa, inu munkapempha tayimu n'kupita kwa woponya wathu ngati mukukagula matotiya, buledi wathu wachimanga uja. Gulovu pakamwa, kumunong'oneza. Iye kuseka. Mipira itatu, womenya watuluka. Tikakufunsani kunyumba kuti munamuuza chiyani, munkangoti tikupatsireni tsabola.

Tinadziwira pamaliro, woponya aliyense akuulula zake. Amalume Tío Chayo munawafunsa mankhwala a mbuzi yotsokomola. Wina munamunamiza kuti zipi yatseguka. Za mpira ayi, olo kamodzi.

Onsewo munawanong'onezapo Apá, kupatula mwana wanu. Ubaldo, mchimwene wangayu, analowa timu sizoni yomwe munagonekedwa m'chipatala. Chaka chatha anaifikitsa pa fayinolo, mabesi n'kudzaza chimodzimodzi. Wowakha watsopano anamuthamangira n'kumuuza kuti alimbe mtima, mudzi wonse ukudalira iye. Pulesha yokhayokha. Anaponya mipira inayi yonse yophonya, adani n'kugoletsa mwaulere, chikho chinapita. Miyezi isanu sanagwire mpira, akuti mkono ukuwawa, dokotala osapeza kanthu. Amá ankamumva akulira m'bafa atatsegula madzi. Mayi anu, Nana Chepa, mpaka pano amazimitsa wailesi ikafika ining'i ya naini, yomaliza ija.

Lamlungu ndi fayinolo inanso, ndipo Ubaldo wavomera kuponya. Wowakha uja anabwera dzulo, chipewa m'manja, kudzafunsa kuti zikavuta akanene chiyani. Tinamupatsa nkhani zanu zonse, ya mbuzi yomwe. Ubaldo wakana. Akuti zimenezo zinali za eni ake, yake munapita nayo, ndiye pasabwere munthu. Akaima yekha pakati pa bwalo.

Ine ndikuopa, Apá. Koma tonse tikakhalako, ndi Nana omwe.

Tiwine tiluze, sitidzakuiwalani.

Amá Rosenda, Ubaldo, Yaretzi ndi Nana Chepa
Etchojoa, Sonora