Mpando wa Limbani m'basi ya kumudzi

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko, ngati kumadzukidwa n'komwe?

Kuno ku Boitekong, kumigodi ya dziko la eni, tilipo. Mpongozi wanu Esinati anabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija, pepani. Kumudzi akuti chimanga chinachita, koma anankafumbwe afika kale kudzathandiza kudya. Ine ndikadali mlonda pachipata cha mgodi. Digiri munkaivinira ija ikugwira ntchito ndithu: ndimaphunzitsa agalu a pachipata za milungu yakale, ndipo satsutsa.

Nkhani ndi ya Limbani, mzime wanu. Kontrakiti yake itatha analowa gulu la azamazama, aja okumba mobisa m'migodi yosiyidwa. Denga linagwa. Anzake anatuluka, iye ayi. Akuluakulu anabwera, anasuzumira, n'kutseka dzenjelo ndi simenti. Ndiye ndifunse, Amayi: wafika kumeneko?

Ndikufunsa chifukwa sukulu ija ikundisowetsa mtendere. Paja munkati, "Sukulu ya mafanoyo idzakudyetsa?" Sinandidyetse, ikungondiopseza. Agiriki ndi Aiguputo, anthu olekanitsidwa ndi nyanja, ankagwirizana pa chimodzi: wakufa amawoloka madzi, ndipo pamakhala wabwato. Wa Agiriki anali ngati dalaivala wa taxi wa kuno: wopanda ndalama sakwera, wosaikidwa m'manda sakwera, azingoyendayenda pagombe. Wa Aiguputo ankapanikiza ndi mafunso ngati apolisi a pamalire. Kwa iwowa mzimu unkafunanso thupi loti uzibwererako ngati mbalame kuchisa. N'chifukwa chake mulungu wawo wamkazi Isisi anayenda dziko lonse kutolera zidutswa za mwamuna wake Osirisi. Ine ndilibe olo kachidutswa. Zonsezi ndinakhoza nazo mayeso ndikuseka. Pano sindiseka.

Komatu onsewo anali ndi pozembera. Agiriki ankamanga manda opanda munthu n'kuitana dzina la wotayikayo, Aiguputo ankasema chifanizo choti mzimu uzikhalamo. Amalume akuti kwathu tiika thunthu la nthochi. Nditawauza pafoni kuti nzeruyo Agiriki anali nayonso, anati, "Agiriki ake a mudzi uti? Nthochi tiika, koma mwanayo akhala tchona mpaka liti?"

Amene anandigwira dzanja ndi amadala ena a ku Wonderkop, Mxhosa amene ankakumba ndi Limbani kale. Akuti kwawo munthu akafera kumgodi, abale amathyola nthambi ya mtengo waminga uja timati kankhande, n'kupita nayo padzenje kukamuitana. Nthambiyo amailipirira mpando wake m'galimoto. Wonyamulayo salankhula ndi aliyense panjira, koma ndi malemu yekha, kumuuza mtsinje uliwonse asanawoloke. Ndiponso sacheuka. Apa ndinakumbuka kuti Agiriki anali naye wawo amene anakatenga mkazi wake kwa akufa, n'kucheuka, mkaziyo n'kubwerera.

Dzulo tinapita. Ndinagwada pasimenti paja, munthu wa digiri, n'kuuza nthambi kuti, "Limbani, tiye kwathu." Amadala anati wamva. Ine sindikudziwa. Mwambowu ndi wa eni, ndipo sindikudziwa ngati mzimu wa Mchewa umakwera nthambi ya Mxhosa. Koma matikiti ndagula atatu: yanga, ya Esinati ndi ya nthambiyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi pakamwa pangapa. Munkati ndinabadwa ndikutsutsa azamba. Pali Limpopo, pali Zambezi pa Tete, pali malire atatu, ndipo paliponse padzakhala wa yunifolomu wofunsa pasipoti ya nthambi. Esinati apita nane kuti aziyankha, mwana kumsana. Ine ndikangoyankhira kamodzi, Limbani atsala pamenepo, pakati pa mayiko.

Ndikulonjeza, Amayi: ndikhala duu mpaka nditaika nthambiyo pambali pa manda anu. Koma nanunso thandizani. Limbani akayamba makani panjira, muitaneni inuyo. Ine sankandimvera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane