Ndere za ku Wando

Lolemba, 3 Marichi

Tatuluka m'chipatala. Kamwana kali bwino, kakuyamwa mopanda chisoni. Apongozi tawapeza afika kale kuchokera kwawo ku chilumba cha Wando ndi mtolo wa miyok, ndere zathu zoumitsa za m'nyanja zija, wautali kuwafika pachifuwa. Akwera nawo basi ataukumbatira njira yonse, poti ndere za mayi wa m'chikuta sazipinda. Akuti anzawo olima nawo ndere anachita kusankha okha zabwino zokhazokha. Akhala nafe mpaka ndituluke chikuta, masabata atatu.

Ndawerama, ndathokoza. Ine yemweyo amene ndinalemba mutu wathunthu m'buku lathu la kuyunivesite la zakudya za amayi oyamwitsa, woti msuzi wa ndere katatu pa tsiku ndi ayodini wopyola muyezo, ukhoza kusokoneza chithokomiro cha mayi ndi cha mwana. Bukulo lili pashelefu pabalaza. Apongozi amalipukuta fumbi akabwera, koma sanalitsegulepo.

Lachitatu, 5 Marichi

M'mawa msuzi. Masana msuzi. Madzulo msuzi, ndi wina wapakati "woti mkaka utsike". Mbale yake ngati beseni.

Ndauza mwamuna wanga Dong-cheol kuti alankhule ndi mayi ake. Akuti, "Wolemba mabuku ndiwe, ine ndimangogulitsa matayala." Amuna ena!

Ndiye ndinayesa ndekha. "Amayi, mwina kamodzi pa tsiku..."

"Bwanji, sukukoma?" Nkhope yawo inagweratu.

Ndinati ukukoma zedi. Ndipo ukukomadi. Pamsonkhano ndimatsutsa mapulofesa osaphethira, koma pamaso pa mayi mmodzi wovala epuloni ndinangonyamula supuni.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndayamba. Mbale ya m'mawa ndikudya. Zinazo ndikumathira mu sinki ya kubafa ya kuchipinda kwathu, mpopi uli chitsegulire. M'chimbudzi ndinakana kuthiramo, ati ulemu. Ulemu wake uti?

Loweruka, 8 Marichi

Apongozi akusangalala ndi mbale zobwerera zopanda kanthu. Ndawamva akuuza mwana wawo D. kuti, "Uyu ndiye mpongozi, osati wa kwa anzathu a Pyo uja wongojompha ngati mbalame." Lero awonjezeramo nyama ya ng'ombe, aima pachitofu m'mawa wonse ndi bondo lawo lovuta lija. Ndimathira ndikulira. Mwina ndi thupi chabe, pobereka pamatero. Mwina ayi.

Lachiwiri, 11 Marichi

Sinki yatseka. D. wapopa, wathira mankhwala, koma ayi ndithu.

Lachitatu, 12 Marichi

Sindikufuna kulemba koma ndilemba.

Kunabwera bambo wokonza mapaipi, wolongolola ngati wailesi. D. ali kuntchito. Apongozi anaima pakhomo la bafa ndi kapu ya tiyi wa balere yoti amupatse. Munthu uja anamasula paipi n'kuyamba kusolola. Zobiriwira, zoterera, zosatha. Kenako kanthuli ka ng'ombe kanagwera m'chidebe chake kuti thapu.

"Aa! Mayi, muno mukulima ndere kodi? Koma zabwinotu izi, zokhuthala. Si za ku Wando zimenezi?"

"Za ku Wando," anatero apongozi. Anamupatsa tiyi wake. Ine sanandiyang'ane.

Manyazi anandigwira mpaka makutu kutentha. Bamboyo atapita ndinathamangira kushelefu, n'kutsegula mutu wanga uja, n'kuyamba kuwaonetsa apongozi manambala. Kupusa kwake! Munthu wamuchita chipongwe chotere, iwe n'kumamuonetsa manambala. Anavala magalasi n'kuwerenga nthawi yaitali, chala chili pamzere, milomo ikugwedera.

"Unalemba liti izi?"

"Chaka chatha chija, amayi."

"Ndiye pamene ndimalowa ndi mtolo uja, iwe unkadziwa."

Mwana analira, ndinathawirako.

Lachisanu, 14 Marichi

Msuzi tsopano ndi kamodzi, m'kambale kakang'ono. China chilichonse akuyamba afunsa. "Aphunzitsi, kodi dzungu ndi lololedwa? Nanga nyemba?" Dzana lomweli ndinali "mwananga". Ndipo sakunyogodola ayi, akufunsadi, ataima chapatali. Bola akanandizazira.

D. akuti zizizira zokha. Ndamuuza kuti akapope matayala ake.

Zomwe ndinalemba sindikuzikana, ndi zoona. Koma ndinaopa kukhumudwitsa munthu kwa mphindi imodzi, n'kumusiya akuphikira paipi sabata yathunthu. Ndayesa kupepesa kawiri. Akungoti, "Palibe kanthu, pumulani." Kundipatsa ulemu ine!

Anyamuka Lamulungu, chikuta chisanathe. Akuti bondo.

Lamulungu, 16 Marichi

Chikwama chili pakhomo kuyambira m'mawa. Mtolo wotsala uja auika pamwamba pa kabati.

Ndinakonza mawu bwinobwino, n'kutuluka ndi mwana m'manja kuti ndiwapemphe akhale. Ndinawapeza pafoni ndi anzawo a kumudzi aja, akulankhula mokweza monga amachitira a kunyanja.

"Eetu, wamaliza mtolo wonse! Sasiya ndi kadontho komwe mwana ameneyu. Akuti ndere zotere sanadyepo chibadwire. Iii, wophunzira koma wosanyada, ndinachita mwayi ine."

Anatembenuka n'kundiona nditaima pamenepo. Maso awo anali ofiira. Anandilozetsa foni ija, kwinaku mawu a amayi atatu kapena anayi akusokosera m'menemo.

"Bwera, mwananga, uwathokoze wekha."

Sindikudziwa ngati "mwananga" ameneyo anali wanga kapena wa a pafoniwo. Ndinawapatsa mdzukulu wawo, n'kulandira foni ndi manja awiri.