Chidindo chili pa pulani ya nyumba ina

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, wa mpingo wa Anglikani, ndipo ndimakhala ku Yofu, pachilumba cha Likoma, ndi atate anga. Nkhaniyi sindinauze ngakhale ansembe athu, ndiye mundipirire ndikatalikitsa.

Atate anagwira ntchito yophika ku Bulawayo zaka zambiri. Pobwerera anabwera ndi sutikesi, wailesi, ndi nyumba yojambula ndi pensulo kuseri kwa kalendala. Nyumbayo ndi yopindika ngati chigongono. Ili ndi khonde lalitali loyang'ana mapiri a ku Mozambique, ndipo pakati pake pali kabwalo kopanda denga koti mvula izithirira mtengo wa ndimu. Ine ndinakulira m'nyumba imeneyi ngakhale sinamangidwepo. Tili ana ankatilozera kuti uyu adzagona apa, uyu apa, ife nkumalimbirana zenera la papepala.

Pano atate saonanso. Chaka chatha ine ndi mlongo wanga Davis, yemwe amakhala ku Mzuzu, tinagwirizana zowamangira. Tinakhoma zikhomo nkukoka chingwe pamalo athu, kumtunda kwa mlambe. M'mawa uliwonse atate amapita kumeneko, dzanja pachingwe, nkumayenda chipinda ndi chipinda. Salumpha khoma ayi, amazungulira mpaka pamene padzakhale khomo. Masiku ena ndimawatsatira, ndipo kunena zoona, nanenso ndimamva kuzizira kwa simenti kumapazi pomwe pali udzu ndi miyala yokha.

Kulakwa kwanga ndi uku. Nditapita ku khonsolo kukapempha chilolezo chomangira, anandiuza mwaulemu kuti pafunika pulani yojambulidwa ndi katswiri, ya miyeso yake. Kalendala ija inali m'chikwama, koma ndinachita manyazi kuitulutsa. Wojambula mapulani sindinkadziwa komupeza, ndiye Davis ananditumizira pa sitima pulani ya nyumba yake ya ku Mzuzu, ya makona anayi, atafufuta dzina lake. Ndinalembapo langa nkukapereka. Anadinda, nkunena kuti adzabwera kudzaona maziko tikakumba. Kunyumba atate anasisita pepalalo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ndimu uja amulola?" Ndinati eya.

A Brandon, amisiri athu, akuti timange ya chidindoyo. Akuti, "Madala saona, tidzangowauza kuti ndi yomweyo." Davis akuti timange ya atate, palibe adzawerenge makona. Simenti inafika kale, ndipo chinyezi cha kuno sichidikira munthu. Masabata atatu tsopano sindikulandira Mgonero. Anzanga akamapita kutsogolo ine ndimatsala pabenchi. Ndinamize ndani, a khonsolo kapena atate? Kapena ndingozisiya zonse?

C.M., Yofu, Likoma

Mayi C.M.,

Musanamizenso wina aliyense. Bodza limodzi lokha lakukhazikani pabenchi masabata atatu, nanga awiri adzakuikani pati?

Vuto lanu ndi laling'ono kuposa mmene mukulionera, chifukwa simunakumbe. Chilolezo chimaperekedwa pa nyumba imene ili papepala lodindidwalo, osati ina iliyonse imene mungaganize, koma pepala limasinthika njerwa isanayalidwe.

Yambani ndi kalendalayo. Muijambule pa foni, mutumizire Davis. Iyeyo pulani yake sanatole panjira, alipo anamujambulira. Apite kwa munthu yemweyo, kapena mufunse a khonsolo ngati pali amene amawadziwa. Ntchito ya katswiri ndiyo kutenga loto la munthu nkuliika miyeso, ndipo za pensulo waziona zambiri. Manyazi anuwo anali opanda pake.

Kenako bwererani ku khonsolo, mukanene poyera kuti pulani munapereka ija si imene mukufuna kumanga, ndipo mukubweretsa ina. Akakufunsani chifukwa, nenani zoona. Mwina adzakudzudzulani, mwina mudzalipiranso ndi kudikira. Vomerani. Munthu wobwera yekha asanakumbe samulandira ngati wogwidwa khoma litafika pazenera.

Simenti isakuthamangitseni. Isanjikeni pamatabwa, kutali ndi khoma, muifunditse pepala la pulasitiki. Mukaona kuti zichedwa, ipatseni wina amene akumanga pano, adzakubwezereni yatsopano.

Chovuta kwenikweni ndi atate anu. Auzeni sabata ino, inuyo nokha, asanamve kwa amisiri. Adzakhumudwa, inde, koma munthu amene wasunga nyumba mumtima zaka zonsezi amadziwa kudikira. Muwauzenso kuti katswiri akhoza kusintha zina, monga potulukira madzi a mvula m'kabwalo kaja. Aloleni akambirane naye pa foni. Nyumbayo mwini wake ndi iwo. Mukatero pitani kwa ansembe anu, mukatule, mubwerere kutsogolo pamodzi ndi anzanu.

Chenjezo langa: khasu lisagunde pansi chidindo chatsopano chisanabwere. Maganizo a Davis angakugwetsereni khoma, koma a a Brandon ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa palibe adzakugwireni. Atate anu akhoza kuzindikira kuti si nyumba yawo ija, koma osakuuzani pofuna kukusungirani ulemu, mpaka tsiku lawo lomaliza. Inu ndi amene mudzatsale m'nyumbamo, mukudziwa.

Aphungu