Msau Wanu Watsala Mkati mwa Waya

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndikufunsa mwamwambo chabe, chifukwa ndi phokoso limene lili pamutu panu masiku ano sindikhulupirira kuti mukuona tulo. Ndine Felista, mwana wanu woyamba, uja munkati pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Sabata ino ndagwira cholembera katatu, ndipo katatu konse ndachibweza pansi. Lero ndalimba mtima.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukabwera ndi uthenga woipa. Lusiya, mdzukulu wanu uja munamusiya akuphunzira kusenza ndowa, anachira kuchipatala cha ku Katondwe mvula itangotha. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Veronika. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akayamba kulira samva za munthu. Chimanga tinakolola chochepa. Njovu zinalowa kawiri, zinadya mosafulumira ngati munda ndi wawo, ife ndife aganyu. Mapira ndi amene atisunga. Dominiko, mwana wanu wamwamuna, akadali ndi bwato lake kuja Luangwa amathira mu Zambezi, akuwolotsa anthu opita ku Zumbo. Mimba yakula, koma nzeru zili pomwe munazisiya.

Tsopano ndinene chimene chandikhazika pansi.

Mukukumbukira bwalo la ndeke lija kuseri kwa mudzi, pafupi ndi manda akale? Lija lafumbi, limene mbuzi zathu zinkadyapo, ndipo kandeke kakamveka asilikali awiri aja ankatipempha kuti tiwathandize kuzipirikitsa? Amayi, mutadzuka lero mukhoza kufunsa njira pakwanu pomwe. Analitalikitsa mpaka kupitirira dambo lija tinkatapa dongo, n'kuthira phula lakuda bii. Mbali ina kuli asilikali ndi ndeke zawo, zimene zimati zikadutsa nkhuku zonse n'kulowa pansi pa nkhokwe. Mbali inayi anamanga nyumba ya magalasi, ndipo mumatuluka azungu ovala zipewa zazikulu odzawedza mcheni, ndi mabwana aboma amene kale ankafika kuno ali mbuu ndi fumbi la msewu wa ku Lusaka. Tsiku limene ndeke yaikulu inatera koyamba ndinagwetsa lichero. Sindinkadziwa kuti chinthu chachikulu kuposa tchalitchi chathu chingatsike kumwamba osaphwanyika.

Koma kuti bwalo likule chonchi panafunika malo, ndipo mpanda wa waya unameza manda akale onse, pamodzi ndi inu.

Anthu a kampani yomanga anatiitanitsa, natiuza mwaulemu ndithu kuti manda asamutsidwa kupita kumanda atsopano a kuseri kwa tchalitchi, ndipo banja lililonse lidzaloze pamene pagona m'bale wake. Ine sindinade nkhawa. Inu simunafune chiliza. Mukudwala munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndasenza nkhuni ndi madengu a masau moyo wanga wonse, musadzandisenzetsenso simenti. Mudzabzale msau kumutu kwanga, mbalame zizibwera kudzandichezera." Ndinachita zimenezo ndi manja angawa. Ndiye ndinati pa manda onse aja, a mayi anga ndi osavuta kuwapeza.

Chimene sindinadziwe n'chakuti ndeke ndi mbalame ndi adani. Akuti mbalame imodzi ikalowa mu injini, ndeke yonse ikhoza kugwa. Choncho mitengo ya zipatso ndi imene anayamba nayo. Tsiku lina pochokera kumunda ndinangoona kumanda kuli mbee, chigalimoto chokankha dothi chitadutsamo. Mitanda yachitsulo ndi ziliza anazilambalala bwinobwino. Koma mtengo kwa iwo unali mtengo basi. Ndinaima panjira paja khasu lili paphewa, kukamwa kuli yasa, mpaka munthu wa njinga anandiimbira belu.

Tsiku lofukula litafika tinalowa ine ndi Dominiko, tikuyenda pa dothi losalala ngati pabwalo la sukulu. Chulu chija tinkayezerapo anachigumula. Tinazungulirazungulira thukuta lili kamukamu, mpaka Dominiko anafuula kuti wapeza. Chinali chitsa cha msau, chitayamba kale kuphukira timasamba. Ndinagwada pomwepo n'kulira. Ndinauza adzukulu okumba aja kuti, "Mayi anga ali apa," ndipo ndinanena ndi mtima wonse.

Mwambo mukuudziwa, Amayi, munatiphunzitsa ndinu. Mwana sayang'ana m'dzenje la kholo lake. Tinakakhala patali titafulatira, adzukulu n'kugwira ntchito yawo, n'kuika mafupa m'kabokosi katsopano, n'kukhomera. Adzukulu a masiku ano ndi ena, aja anakuikani inu anakalamba ndipo ena anakutsatirani. Ife tinasaina pepala la kampani kuti m'bale wathu tamulandira.

Tinakuchitirani zonse, musaganize kuti tinaumira. Misa inachitika, amayi anzanu a bungwe la kutchalitchi anavala yunifolomu n'kuimba nyimbo ija munkaikonda ya ulendo wa kwa Atate. Dominiko anapha mbuzi yaikulu ija ya mawanga. Ine ndinalira kachiwiri ngati mwamwalira dzulo, mawu mpaka kutha. Tinazika mtanda wolembedwa dzina lanu ndi penti yoyera.

Anthu akusamba m'manja kuti azibalalika, mkulu wa adzukulu aja, a Zuze, anabwera kudzandipepesa. Ndi munthu wabwino, anasamukira kuno inu mutapita kale. Anati, "Pepani mama. Koma amai anu anavutika, ayi. Chisulo chija cha m'mwendo, na misomali yake, chikali chabe kung'anima monga anaika dzulo."

Ndinati, "Chitsulo chanji?"

Anati, "Cha kuchipatala, apa pa ntchafu ya kumanzere."

Amayi, inu simunathyokepo ngakhale chala. Mudzi wonse uno munthu wa chitsulo m'mwendo anali mmodzi yekha: a Rozina, a nyumba yoyandikana nafe, aja anagwa pa lole ya nsomba n'kukawaika chitsulo ku Lusaka. A Rozina amene munakangana nawo zaka makumi awiri chifukwa cha mbuzi zawo zodya mbewu zanu, amene munkati ngakhale kumwamba mukapempha nyumba ya kutali nawo. Anakutsatirani patangopita miyezi itatu, ndipo tinawaika pambali panu penipeni, anthu akuseka chamumtima kuti mkangano ukapitirira komweko. Ana awo anawolokera ku Zumbo maliro atangotha osabweranso, choncho tsiku lofukula panalibe wowalozera.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo ndi chitenje changa chatsopano, ndipo a Zuze anayesa ndagwidwa ndi chizungulire cha njala.

Ndakhala ndikuziganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo ndaona mmene zinayendera. Pa manda a Rozina sitinabzalepo kanthu, zimenezo ndikudziwa. Koma alendo anu aja munawaitana, mbalame, ankadya masau pa mtengo wanu n'kumagwetsa nthanga pafupi. Msau wina unamera pa a Rozina, n'kukula m'mbali mwa wanu. Kumanda sitilowa wamba, ndipo chitsegulireni manda atsopano kuja kunalibenso maliro otilowetsa. Zaka zonsezi ndinkakupatsani moni ndili kunjira, ndikuona masamba ali gwirigwiri, osadziwa kuti ndikuona mitengo iwiri yolowana nthambi. Chigalimoto chija chinakwirira chitsa chanu n'kusiya cha a Rozina poyera. Cholakwa n'changa, Amayi. Ndine ndinaloza.

Dominiko nditamuuza anayamba wayang'ana uku ndi uku, kenako anati, "Iwe Felista, tseka pakamwa. Ufuna dziko yonse itiseke kuti tinalira mafupa ya eni ake, na mbuzi tinapha? Mafupa ni mafupa." Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe m'kalata ya kwa mayi anga. Sitinalankhulane milungu itatu.

M'mawa mwa tsiku lotsatira mwambo uja ndinapita ku geti la bwalo la ndeke. Waya anali atatseka kale mbali zonse, ndipo pamene ndinkadutsa ndi mtolo wa nkhuni kuyambira ndili mtsikana panaima msilikali ndi mfuti, akundifunsa chitupa. Kuti ndikaone mayi anga, chitupa! Anandipititsa kwa mkulu wawo, mzimayi wa ku Lusaka, wamng'ono kwa ine. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anandipatsa mpando ndi madzi, n'kumvetsera zonse osandidula. Anatulutsa chipepala chojambulapo bwalo lonse, n'kundisonyeza ndi chala kuti pamene panali manda akale sipanathiridwe phula. Muli m'kapinga, m'mphepete mwenimweni mwa msewu wothamangamo ndeke. Mtima unatsika pang'ono. Kenako anati, "Mami, nakumvelani, na ine amai anga anafa. Manje ndeke zinayamba kale kusebenza, sitingakumbe mugodi pafupi na msewu. Ndiponso pepala ikamba kuti munatenga kale munthu wanu. Lembani kalata, izayenda ku Lusaka." Ndinamufunsa kuti yankho limatenga nthawi yaitali bwanji. Anayang'ana pansi.

Kalatayo ndinalemba, ndipo mvula yagwa n'kutha yankho lisanabwere.

Za a Rozina musadandaule, kapena ndinene kuti musapse mtima. Ndinagula penti, n'kufufuta dzina lanu pamtanda paja, n'kulemba lawo, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Anthu anaseka monga ananenera Dominiko, koma anatopa. Ndinatumiza uthenga ku Zumbo kudzera mwa amayi ogula nsomba, ndipo mwana wawo wamkazi anabwera, analira, n'kundisiyira nkhuku. Ndiye mudziwe kuti mnzanu uja anadya Misa yanu, nyimbo yanu, ndi mbuzi yanu yomwe. Mbuzi zake zinakudyerani mbewu muli moyo, mwini wake wadzamaliza. Ndimati ndikaganiza zimenezi ndimaseka, kenako n'kupezeka ndikulira.

Mvula itameretsa udzu, anthu a pabwalo analengeza kuti akufuna amayi otchetcha, chifukwa udzu ukatalika umaitana mbalame. Ndinali woyamba pamzere, ine wa msana wovuta uja. Lusiya anati ndapenga. Anatipatsa zikwakwa ndi timajekete towala, ndipo timalowa Lolemba lililonse msilikali ali pambuyo. Ndeke ikamabwera amaliza wezulo, tonse n'kuthamangira kuwaya n'kukhala pansi titatseka makutu.

Lolemba loyamba lomwelo ndinayenda molunjika pamene tinakumba paja. Dothi lake linali litatitimira pang'ono, losavuta kulizindikira. Ndinayeza mapazi anayi chakum'mawa, mbali imene tinakugonekani. Amayi, munalipo. Kamsau kofika m'bondo, kobiriwira, kaminga, katabowola dothi lonse lija anakuunjikirani. Ndinafukula pang'ono ndi nsonga ya chikwakwa, n'kupeza chitsa chachikulu pansi pake, ndi kapu yanu ija ya enamelo yobenthuka pamlomo, imene ndinaikwirira ndekha patsinde tsiku lobzala. Ndikadaikumbukira kapu imeneyi tsiku lofukula lija, bwenzi muli kuseri kwa tchalitchi. Ndinagwada.

Kapitawo wathu anafuula ali patali kuti, "Amake Lusiya, pempherani kunyumba! Dulani ico cisamba!"

Ndinadula, Amayi. Ndi dzanja lomwe lija ndinabzalira. Chikwakwa chinalira kamodzi, kamtengo n'kugwa, ndipo ndinakatenga n'kukabisa m'kajekete ngati ndaba. Lolemba lachitatu ndinapeza mwaphukiranso, nthambi ziwiri m'malo mwa imodzi. Ndinati ameneyu ndiye mayi anga, sanagonjepo kwa munthu.

Tsopano kapitawo wanena kuti kudula sikukuthandiza, mwezi wamawa tibwere ndi makasu tizule zitsamba zonse ndi mizu yomwe. Koma muzu umenewo ukachoka palibenso chimene chidzasonyeze pamene muli, ngakhale yankho la ku Lusaka litabwera. Ndinapita kwa amayi anzanga otchetcha mmodzimmodzi, ndipo onse avomera kuti pogawana ndime, ya kum'mawa kwa dothi lotitimira ndi ya Felista. Palibe anafunsa chifukwa. Nkhani yanga mudzi wonse ukuidziwa, ndipo kusekedwa kuja kwandithandiza pamenepa.

Ndeke zikakusokosani mundikhululukire, ndine ndinakusiyani pamenepo. Mbalame zanu sizidzabweranso, amaziopseza ndi mfuti. Mwatsala ndi ine, kamodzi pa sabata, ndi msilikali kumbuyo kwanga. Lolemba loyamba la mwezi wamawa ndidzabwera ndi khasu monga atiuzira. Ndidzalima mozungulira, ndidzadula chimene chaonekera pamwamba, ndidzakwirira chitsa ndi dothi kuti kapitawo akadutsa aone poyera. Koma muzu wanu sindidzaukhudza, Amayi, ndipo wina sadzaukhudza ine ndili moyo. Inu muziphukira basi, kuti tsiku lodzakutengani ndisadzalozenso polakwika.

Ndimakukondani monga kale,

Mwana wanu,
Felista