Limbani sanatsike njinga pamaliro

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe. Koma kalatayi si ya moni.

Mwana wanu Limbani, amene munamutumiza kudzationa, wandichititsa manyazi. Loweruka anati tikapitidweko mphepo panjinga m'mbali mwa Livulezi. Ndinasiya khasu, ndinabwereka njinga, iye anakwera yake, tinanyamuka. Tinkapalasa pang'onopang'ono, iye n'kumaima kujambula ng'ombe zikumwa madzi ngati sanaonepo ng'ombe.

Titayandikira mudzi wina kumunsi kwa Golomoti, tinapeza masamba atayikidwa panjira. Ine ndinatsika n'kuvula chipewa. Mwana wanuyo anangodutsa, chisoti chili kumutu, n'kuwalizira belu amayi osenza nkhuni za pamaliro kuti apatuke! Adzukulu okumba manda atamugwira n'kumulanda njinga, iye anati, "Vuto n'chiyani? Womwalirayo sindikumudziwa."

Achimwene, munthu wandevu osadziwa masamba a maliro? Munkamuphunzitsa chiyani zaka zonsezi? Anagwada m'fumbi ndine. Tambala amene anapita ndi wanga, kuti njingayo ibwezedwe. Iye pobwerera ankangodandaula kuti amupalira penti.

Mumuimbire foni akapepese ndi pakamwa pake asanakwere basi, ndipo musadzamutumizenso kuno musanamulange. Inu mwina adzakuikani ku Joni komweko, dzenje lokumbidwa ndi makina. Ine manda anga adzakumba ndi anthu omwe aja, ndipo nkhuni adzasenza ndi amayi anawalizira belu aja.

Mulungu akusungeni, akupatseninso manyazi pang'ono.

Ine mng'ono wanu,
Yohane