Malovu a Amayi ndi Kalata Yanga ya mu Januwale

Chengdu, China
17 Epulo 2025

Achimwene a Nasiru,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Nayuchiko. Za Amayi sindifunsa, chifukwa mlongo wathu Lukiya wandiuza kale dzulo. Ine ndiliko, maphunziro atsala miyezi itatu. Kuno dzuwa silionekaoneka, ndipo tsabola wa m'ndiwo zawo wandidzutsira chilungulira chija.

Ndalemba m'malo moimba chifukwa pa foni mumandidula ndisanamalize. Ndijambula tsambali ndi kulitumiza pa foni ya Lukiya kuti lifike lero lomwe.

Lukiya akuti Amayi anasiya mapiritsi a shuga pa 2 Epulo. Akuti pakamwa pawo pauma, akukodza pafupipafupi, ndipo bala la pachidendene latha masiku khumi ndi limodzi osapola, m'mbali mwake mwayamba kuda. M'malo mwa mapiritsi akumwa tiyi amene munakatenga ku Balaka kwa a Raymond, aja amagwiritsa anthu kachitsulo kolumikiza ku kompyuta n'kuwauza kuti impso zawo zafooka. Lukiya atatsutsa, akuti munatulutsa kalata yanga ya mu Januwale, n'kunena kuti ngakhale dokotala wa m'banjamo akuvomereza.

Kalatayo ndikuikumbukira bwino, ndinasunga kope. Ndinali nditangoyamba kumene kalasi ya mankhwala akale a kuno, ndiye ndinafuna kukusangalatsani ndi zachilendo. Ndinalemba kuti makolo awo amagawa thupi potengera zinthu zisanu: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Chilichonse chili ndi chiwalo chake komanso madzi ake a m'thupi. Misozi ndi ya chiwindi, ku mtengo. Thukuta ndi la mtima, ku moto. Dovu ndi la kapamba, ku dothi. Mamina ndi a mapapo, ku chitsulo. Malovu ndi a impso, ku madzi. Ndinawonjezera kuti nkhalamba zina kuno zimameza malovu mwadala m'mawa, akuti kusunga mphamvu. Ndawerenga kopelo katatu. Palibe pamene ndinatchula shuga, palibe pamene ndinatchula Amayi.

Koma inu munaphatikiza nokha. Amayi akamasala pa Ramadani sameza malovu, amalavulira m'kachitini kaja tsiku lonse monga anawaphunzitsira amayi awo, ngakhale a shehe ananena kale kuti kumeza sikumasula munthu. Ndiye inu mwati masiku makumi atatu aja analavula madzi onse a impso, n'chifukwa chake pakamwa pauma, ndipo mapiritsi akungoumitsa otsalawo. Mankhwala ake akuti ndi kumeza malovu ndi kumwa tiyi. Achimwene, pakamwa pauma chifukwa shuga wakwera ndipo akutulutsa madzi kudzera m'mikodzo. Ndinawapempha mu Febuluwale kuti chaka chino asasale, poti chipembedzo chimalola odwala. Palibe anandiyankha.

Lero m'mawa ndinapita kwa mphunzitsi wathu wa kalasi ija, mayi Luo. Ndi wachikulire, wakhala akuona malilime ndi kugwira mitsempha ya odwala zaka makumi anayi. Ndinawafotokozera zonse kudzera mwa womasulira, za kachitini zomwe. Sanafunse za impso kapena za madzi. Anafunsa kuti shuga anayezedwa liti ndipo anali pati. Ndinawauza kuti sindikudziwa. Ine, amene ndimakalipira odwala akaiwala buku la kuchipatala, ndinaima ngati mwana wa sukulu wosalemba ntchito. Anati zinthu zisanuzo ndi njira imene akale awo ankasanjira zimene aona pa wodwala, ndipo palibe kachitsulo kamene kangaziwerenge. Anati bala lotero pa munthu wa shuga, m'chipatala mwawo salidikiritsa tiyi. Kenako anatsegula kabati n'kundionetsa kamakina kamene amadzibaya nako chala m'mawa uliwonse. Nawonso ali ndi shuga, ndipo amamwa mapiritsi omwewo amene inu mwaika pamwamba pa kabati.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Ndagwira ntchito ya udokotala ku Liwonde zaka khumi ndi zinayi. Ndinakulemberani papepala nthawi yomwera mapiritsi, ndinamata pachitseko, pepalalo munakulungira usipa. Ndinagula nsapato zofewa kuti Amayi asamayende chosavala ku munda, zinapita kwa azakhali. Mawu anga onse a pa Liwonde sanalemerepo kunyumba kwathu. Koma kalata imodzi yokhala ndi sitampa ya ku China mwaisunga m'Kurani, mpaka mwakaiwerengera a Raymond. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Vuto ndi langa, ndinalemba zinthu zimene inenso ndinali nditazimva masabata awiri okha.

Mapazi otere ndawaona ambiri. Akachedwa masabata awiri, timadula chala. Akachedwa mwezi, timadula pansi pa bondo. Ine ndi amene ndimalemba fomu yake, ndipo achibale amasaina akulira.

Pempho langa ndi limodzi. Mawa Lachisanu, musanapite kumzikiti kukapemphera Juma, Amayi akhale atanyamuka kupita kuchipatala ku Liwonde. Musadikire sitima, pezani galimoto kapena njinga yamoto, phazi alikulunge ndi nsalu yoyera yochapa. Atenge buku lawo la kuchipatala, mapiritsi otsala, ndi paketi ya tiyiyo kuti madokotala akaone zimene zilimo. Mukafunse a Janet, namwino wa ku chipinda chotsukira mabala, ndawauza kale. Akayeza shuga, Lukiya anditumizire nambala yake, osati mawu akuti ali bwino.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume a Sufiyani ku Phalula, ndi kwa ana onse. Amayi muwauze kuti sindinawakwiyire iwo, ndipo ndikufuna adzandichingamire pa siteshoni mu Julayi ataima ndi miyendo yawo iwiri.

Kalata ya mu Januwale ija muichotse m'Kurani. Mumupatse Lukiya akolezere mbaula. Pa zinthu zisanu zija, moto wokha ndi umene ungatithandize pano.

Ndine mng'ono wanu,
Abdulrahim Salimu